Nkhokwe ya m'dera: amalandira ndani, amasankha ndani, nanga otsala aja amatsala bwanji?

Ikangofika December kupita January, mtengo wa chigoba cha chimanga ukayamba kukwera ku Mpondabwino ndi pa msika waukulu wa Zomba, ma group a WhatsApp a kumpingo, a kumzikiti, a ma alumni, onse amadzutsa nkhani imodzimodzi, tiyeni tisonkhe tiyambitse food bank. Kusonkhako sikuvuta kwenikweni, anthu kuno mtima ali nawo. Phokoso limayamba tsiku lolemba maina. Kenako mukapita kukapempha thandizo ku mabungwe amakufunsani kuti ndondomeko yanu ya equality and inclusion, yoonetsetsa kuti palibe wosalidwa kapena wotsala, ili kuti, komiti nkumayang'anana kuti nde chaninso chimenecho, si chimanga tikugawa basi? Ena amaganiza kuti ndi 50:50 kampeni ija ya amayi pa ndale, ena amati ndi zachizungu zongotivutitsa ndi mafomu. Ndaiduladula nkhaniyi kuti tiione mbali ndi mbali, osati kuti tipeze wolakwa, chifukwa anthu amene amakangana pa nkhani imeneyi ambiri amakhala ndi mfundo zomveka ndithu, onse.

Food bank nchani kwenikweni

Ndi malo amene chakudya chimasonkhanitsidwa kuchokera kwa amene ali nacho chapadera, nkusungidwa, nkudzaperekedwa kwa amene chawathera. Imene anthu amaitchula kuti ndi yoyamba inayamba mu 1967 ku Phoenix, Arizona ku America, bambo wina John van Hengel ataona kuti mashopu akutaya zakudya zabwinobwino zongoti chitini chabonyoka kapena deti yayandikira. Dzina lake ndi St. Mary's Food Bank ndipo ilipobe mpaka pano. Ku UK bungwe la Trussell Trust linatsegula yake yoyamba ku Salisbury mu 2000, ndipo kumeneko sumangofika nkunena kuti ndili ndi njala ayi, umabwera ndi kakuponi kochokera kwa dokotala kapena wa zachisamaliro cha anthu, nkulandira chakudya cha masiku atatu. Nde mukuona kuti olo kumeneko funso loti alandire ndani analipereka kwa munthu wapakati kuti azisankha.

Kwathu kuno mashopu otaya zakudya matani ndi matani kulibe, chimene tili nacho ndi nyengo. Chimanga chimatchipa April mpaka June anthu akukolola, mavenda nkugula, chomwecho nkudzatigulitsa modula mu February. Nde food bank ya kuno nthawi zambiri imangokhala nkhokwe ya gulu, ndipo pali mitundu iwiri imene anthu amaiphatikiza. Woyamba ndi wachifundo, anthu ofuna kwabwino apereka, komiti igawa mwaulere. Wachiwiri ndi wa mamembala, aliyense amaika ndowa zake nthawi yokolola, njala ikafika amakongola nkudzabweza ndi kena pamwamba akakolola. Wachiwiriwu umafanana kwambiri ndi banki mkhonde, ndipo vuto lake ndi lomwelo la banki mkhonde, wopanda share salowa. Munthu amene sanakolole olo ndowa imodzi, yemwe ndiye wanjala kwambiri mmudzimo, amapezeka ali panja asanasalidwe ndi munthu aliyense, lamulo la gulu lokha lamusiya. Koma mbali inayi nkhokwe ya mamembala imakhalitsa chifukwa imadzibwezera yokha, yachifundo imadikira opereka, akatopa yatha.

Izi zisasokonezedwe ndi chimanga cha boma. NFRA, yomwe inakhazikitsidwa mu 1999, imasunga chimanga cha dziko, ADMARC ya 1971 ija imagula ndi kugulitsa, pomwe DoDMA, nthambi ya boma yoona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, ndi imene imatsogolera kugawa nthawi ya njala potengera chiwerengero cha MVAC, komiti yofufuza kuchuluka kwa anthu amene ali pa njala. Mu 2024 chilala cha El Niño chitavuta, pulezidenti wa nthawi imeneyo Lazarus Chakwera analengeza pa 23 March kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi, ndipo MVAC inadzati anthu 5.7 miliyoni afunika thandizo. Nkhokwe ya ku Chinamwali kapena ku Songani ya matumba 40 siingapikisane ndi zimenezo, ntchito yake kawirikawiri ndi kutola amene agwa pa mndandanda waukuluwo. Nchifukwa chake ikakopera malamulo a mndandanda waukulu osaganiza, imasiyanso anthu omwe aja.

Kugawa mofanana ndi kugawa molingana ndi vuto

Apa ndi pamene mitu imaima. Malamulo aakulu a dziko lino a 1994, gawo 20, amaletsa kusala munthu chifukwa cha mtundu, khungu, kuti ndi mwamuna kapena mkazi, chiyankhulo, chipembedzo, maganizo a ndale, ulumali, chuma, kobadwira ndi zina zotero. Gawo 30 limatchulanso chakudya pa zinthu zimene anthu onse ayenera kukhala ndi mwayi wofanana wozipeza. Anthu ambiri akamva zimenezi amati chabwino, nde khomo lililonse thumba limodzi, nkhani yatha.

Tiyeni tiwerengere. Thumba la 50 kg pa khomo pamwezi ndi muyezo umene tinauzolowera pa chimanga cha boma. Kalembera wa 2018 anapeza kuti khomo la Mmalawi limakhala ndi anthu 4.4 tikagawa mwachisawawa, koma palibe khomo la anthu 4.4, pali khomo la agogo ndi kamdzukulu kamodzi, pali khomo la anthu 9. Pa khomo la anthu awiri thumbalo ndi magalamu oposa 800 munthu aliyense patsiku. Pa khomo la anthu 9 ndi magalamu 185 okha, nsima imodzi yosakhuta, ndipo apo sitinachotse gaga ngati akonola, sitinachotsenso chigoba chimene agulitse kuti apeze ya kuchigayo. Mabungwe othandiza pa ngozi amatsata muyezo wa Sphere, umene unayambika mu 1997, woti munthu amafunika makalori pafupifupi 2,100 patsiku, magalamu 185 a chimanga safika olo theka. Makomo onse awiri alandira mofanana, koma mphika sunafanane.

Kugawa molingana ndi vuto ndi zija zimachitika ku OPD, mwana amene akukomoka amalowa kaye olo wafika mochedwa, ndipo palibe amene amati anamwino akondera. Kungoti kuchipatala woweruza ndi munthu wophunzira ntchitoyo ndipo sitimudziwa, pomwe mmudzi woweruza ndi mlamu wa uje. Nde anthu okonda thumba limodzi khomo limodzi sikuti sadziwa masamu, amadziwa kuti ukangotsegula chitseko cha uyu ali ndi ana ambiri, makomo amatupa usiku umodzi, ana a achemwali a ku Thondwe onse nkulembedwa pano.

Palinso chimene mabungwe amachidandaula chaka ndi chaka, choti a bungwe akangonyamuka, amfumu amasonkhanitsa matumba aja nkugawanso mudzi onse, aliyense ndowa ndowa. Kwa bungwe kumeneko ndi kuononga pulogalamu, wosaukitsitsa uja watsala ndi kochepa. Kwa anthu a mmudzi kupatsa nkuika, mayi amene wadya thumba lake yekha chaka chino ndi yemweyo adzafune anthu omunyamula pa machira mawa, ndipo bungwe lija silidzakhalapo. Kugawana kwina kumakhala kofuna okha, kwina kumakhala kokakamiza ndithu, ndipo ukaima patali zimaoneka chimodzimodzi.

Kaundula: kulowa kwa osayenera, kutsala kwa oyenera

Kusankha olandira kuli ndi zolakwika ziwiri, kulembedwa kwa munthu amene sakuyenera ndi kutsala kwa munthu amene akuyenera. Choyambacho chimachita phokoso, aliyense amaona mphunzitsi wopuma kapena mkazi wa tcheya atanyamula thumba. Chachiwiri sichimveka chifukwa wotsalayo ali kunyumba chete. Ndipo ziwirizi zimakokana, mukakhwimitsa malamulo kuti osayenera asalowe, mwachitsanzo kufuna chitupa cha unzika, kalata ya amfumu ndi siginecha, oyenera enanso amagwera pompo.

Njira zosankhira zilipo zingapo ndipo zonse tinaziyesapo m'dziko muno. Pa njala ya 2002, ija inatipeza nkhokwe za boma zitagulitsidwa, mabungwe ankagwiritsa ntchito makomiti a mmidzi kusankha. Mtukula Pakhomo unayamba ngati kuyesera ku Mchinji mu 2006, ndipo unkasaka makomo 10 pa 100 aliwonse amene ndi osaukitsitsa komanso opanda munthu wamphamvu zogwira ntchito. Pambuyo pake kunabwera UBR, kaundula mmodzi wa boma amene amalemba makomo ndi katundu wawo kuti kompyuta ithandize kuwaika mmagulu. Msonkhano wa pabwalo ubwino wake ndi woti anthu amadziwana, amadziwa khomo limene moto sunayake masiku awiri, kuipa kwake ndi koti amadziwananso zidani. Fomu ilibe chidani koma imanamizidwa ndi malata, mayi wamasiye amene malemu amuna ake anamusiira nyumba ya malata ndi wailesi yakufa amaoneka wopeza bwino pa pepala. Kusankha mwa magulu, kuti amasiye onse, okalamba onse, aulumali onse, nkosavuta kufotokoza, koma alipo agogo amene ana awo ali ku Joni amatumiza mwezi ndi mwezi, ndipo alipo bambo wa zaka 35 wamphamvu zake amene munda wake unakokoloka ndi Freddy mu March 2023 ndipo salowa gulu lililonse.

Zomba ili ndi vuto lake lapadera apa, obwera. Mumzinda muli anthu oposa 100,000, ambiri ku Chikanda, Sadzi, Matawale ndi Chinamwali ndi alendi, amasamuka lendi ikawakanika, mfumu ya m'tauni imadziwa landilodi osati amene akugona ku boys quarter. Ku Chikanda komweko kuli ana a ku Chanco ena amene amagona ndi njala ndithu, koma ukawatchula pa msonkhano anthu amaseka kuti a yunivesite nawonso? Kunyanja ya Chilwa nkhani ndi ina, ku Kachulu kumakhala asodzi ndi ogula matemba ochokera maboma ena, nyanja ikaphwa ngati mu 1995, kapena mmene inachepera mu 2012 ndi 2018, onsewo amakhala pa njala limodzi ndi eni mudzi koma kaundula wa amfumu sawadziwa. Nde komiti iyenera kugwirizana poyera kuti m'dera lathu akutanthauza obadwira pano kapena okhala pano, chifukwa ikapanda kunena, wolemba maina amadzisankhira yekha.

Khomo ndi ndani, thumba lilembedwe dzina la ndani

Fomu imangoti mutu wa banja, ngati kuti ndi nkhani yapafupi. Kuno ku Zomba midzi yambiri ndi ya chikamwini, bambo amakhala kwa mkazi, munda ndi wa kuchikazi, ukwati ukatha bambo amanyamula chikwama nkumapita, ana amatsala ndi mayi. Mukalemba dzina la bambo mu November, pofika February mwina ali kwina ndipo dzina lapita nawo. Pa mitala napo, bambo mmodzi makomo awiri kapena atatu, mukawerenga ngati banja limodzi thumba limakathera kwa mkazi amene akukondedwa nyengo imeneyo. Palinso makomo oyendetsedwa ndi ana, ndipo poti chitupa cha unzika chimaperekedwa kuyambira zaka 16, mtsikana wa zaka 14 amene akulera abale ake sangaonetse kanthu pa tebulo.

Nkhaniyi si ya lero. Wolemba mbiri Megan Vaughan, amene anafufuza za njala ya 1949 m'dera la Blantyre, anaonetsa kuti amayi amene amuna awo anachoka ndiwo anazunzika kwambiri, mwa zina chifukwa boma la atsamunda linkangoganiza kuti mkazi wokwatiwa ali ndi mwamuna womudyetsa. Nchifukwa cha maphunziro ngati amenewo kuti mabungwe monga WFP, bungwe la UN loona za chakudya, anayamba kulimbikitsa zolemba khadi m'dzina la mayi. Otsutsa nawo ali ndi zonena, amati mwamuonjezera mayi ntchito, ndi iye aime pa layini tsiku lonse, ndi iye asenze 50 kg kapena alipire kabaza, komanso makomo ena bambo amaona ngati walandidwa ulemu nkuyamba ndewu. Ndipo abambo olera ana okha alipo, safuna kuima pa layini ya amayi okhaokha.

Za komiti nazo. Gender Equality Act ya 2013 imati polemba ntchito m'boma, amuna kapena akazi asapitirire 60 pa 100 ndipo asachepere 40 pa 100. Lamuloli silinalembedwere nkhokwe ya mmudzi koma magulu ambiri amabwereka muyezo umenewu. Chongofunika kuyang'ana ndi choti nambala ikhoza kukwana bwinobwino koma tcheya, sekilitale ndi wosunga kiyi onse abambo, amayi nkukhala oyeza ndowa ndi kusesa mosungiramo. Ndipo pali chifukwa china cholemera chimene amayi amafunikira pa tebulo lolembera maina. Mu 2002 lipoti la UNHCR ndi Save the Children linaulula kuti mmisasa ya othawa kwawo ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone anthu ena ogawa thandizo ankafuna kugona ndi atsikana kuti awapatse chakudya, ndipo kuchokera apo mabungwe anakhwimitsa malamulo pa nkhaniyi. Munthu mmodzi akakhala ndi mphamvu yolemba kapena kufufuta dzina payekha, chiopsezo chimenecho chilipo, kaya ndi kumpingo kaya ndi kumzikiti.

Kulembedwa nkwina, kufikira thumba nkwina

Inclusion imene mabungwe amafunsa ija kwambiri ndi iyi, kuti munthu amene ali pa kaundula athedi kulandira, ndipo amene zinthu zikumukhudza akhale ndi mawu pokonza. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 10 aliwonse a zaka 5 kupita mtsogolo ali ndi ulumali wina wake, ndipo anthu achialubino anapezeka oposa 134,000. Tinali ndi Disability Act ya 2012, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo latsopano la anthu aulumali lolowa mmalo mwake. Malamulo alipo, koma tiyeni tione mmene zimakhalira pabwalo.

Tiyerekeze tsiku logawa pa pulayimale ina cha ku Jali. Uthenga unayenda dzulo madzulo, mnyamata wa amfumu akukuwa mmudzi, ena anaumva pa foni. Anthu afika 6 koloko mmawa, kiyi wa kosungira wafika 11. Matumba aunjikidwa pansi pa mtengo wa mango, sekilitale watsegula hardcover yake akuitana maina, wina wagwira kabokosi ka inki kodindira chala, makabaza aima mphepete akudikira makasitomala. Kutsogolo kuli anyamata ndi amayi odziwa kukankha. Dzina likaitanidwa katatu osayankha amangoti palibe, pitirizani, ndipo pamapeto matumba a anthu palibe aja amagawidwa kwa amene alipo. Tsono tatsatani maina amenewo. Mmodzi ndi mayi wosamva, wakhala pompo pa chitenje chake mamita 10 kuchokera pa tebulo. Wina ndi mnyamata wachialubino amene anachoka pa layini kukabisala dzuwa mkalasi, ndipo sangadikirenso mpaka mdima chifukwa kuyenda usiku kwa iye tonse tikudziwa mmene kunakhalira zaka zapitazi. Wina ndi bambo amene wapita ku Jumu'ah chifukwa lero ndi Lachisanu. Wina ndi agogo amene miyendo inakana, anatuma mdzukulu koma komiti yati mwini wake yekha adinde chala. Palibe amene wawasala anthuwa mwadala, onse analembedwa, koma palibe wadya.

Timakonda kunena kuti wamva mmimba ndiye atsekula chitseko, kutanthauza kuti wovutika abwere yekha adzanene. Zimagwira kwa munthu woyenda, womva, wolimba mtima kuyankhula pagulu. Magulu amene anaiganizira nkhaniyi amachita tinthu ting'onoting'ono, layini yapadera ya okalamba, oyembekezera ndi aulumali, kulola womuimira amene walembedwa kale mu kaundula, kukapereka pakhomo kwa odwala, kugawa malo angapo mmalo mwa amodzi, kusunga thumba la munthu palibe masiku atatu. Chilichonse chili ndi mtengo wake, womuimira ena amafika kunyumba ndi theka, kukapereka pakhomo kumafuna ndalama ya transport, ndipo ku Chisi ndiye mpaka bwato.

Tsiku ndi malo ku Zomba si nkhani yaing'ono, Lachisanu Asilamu, Loweruka a Seventh Day, Lamulungu mipingo ina. Nkhokwe zambiri zili mmanja mwa mipingo ndi mizikiti chifukwa ndi amene ali ndi nyumba yokhoma ndi anthu odzipereka, palibe choipa, koma munthu wa chipembedzo china amadzifunsa ngati pakhomo pamenepo ndi pake, makamaka kugawa kukamayamba ndi ulaliki wa ola lathunthu. Pakakhala nyama ya mchitini anthu amafunsa ngati ili halaal. Mwezi wa Ramadan kuimika anthu osala kudya padzuwa masana onse nkosaganizira. Agogo ena cha ku Malosa ndi Domasi amamasuka m'Chiyao, ena kumbali ya ku Mayaka m'Chilomwe, Chichewa cha pa fomu chimawadutsa.

Ndiye pali ena amene anthu safuna olo kuwatchula. Munthu wotuluka kundende ya Zomba wabwerera mmudzi wopanda munda wolimidwa. Wodwala matenda a muubongo amene watuluka ku Mental. Nkhalamba imene mudzi umainong'oneza kuti ndi mfiti, chonsecho Witchcraft Act ya 1911 imati kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Amayi oyendayenda. Msonkhano wa pabwalo suwasankha anthu awa kawirikawiri, ndipo apa mpamene mfundo yoti anthu asankhe okha imagundana ndi gawo 20 lija.

Poyera kapena mwachinsinsi

Njira yodziwika yothana ndi chinyengo ndi kuchita zonse poyera, maina awerengedwe pabwalo, amatidwe pa chitseko cha sukulu, aliyense aone. Zimathandizadi, maina a anthu akufa ndi a mizukwa amagwidwa choncho. Koma mndandanda womwewo ukakhala ndi chifukwa pambali pa dzina, uyu ali pa ma ARV, uyu amuna ake ali kundende, mwaulula zimene mwini wake sanakutumeni. Lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kusala munthu kapena kuulula za magazi ake popanda chilolezo. Magulu ena amamata maina okha, zifukwa nkusunga anthu awiri atatu, koma apo anthu amayambanso kufunsa kuti uje walowa bwanji.

Zithunzi nazo, opereka amafuna umboni, ndipo kunena zoona chithunzi cha agogo atagwira thumba chimabweretsa ndalama pa Facebook kuposa lipoti la masamba 10. Koma munthu wanjala ukamufunsa kuti tikujambuleni, thumba lili pambali, angakane? Ineyo zithunzi za ana zokha ndi zimene zimandivuta kwambiri, poti mwanayo adzakula chithunzi chikadali pa intaneti. Andale nawo amabwera ndi matumba, makamaka chaka cha chisankho, Political Parties Act ya 2018 imaletsa kugawa zinthu pofuna kukopa mavoti, koma nkhokwe yopanda kanthu kukana matumba 100 sichapafupi, ndipo ikalandira ndi nsalu za chipani pamwamba, a chipani china amaleka kubwera olo ali ndi njala.

Zaulere, zangongole kapena zogwirira ntchito

Ena amati chakudya chaulere chimalemetsa manja, anthu azilambula msewu kapena kudzala mitengo kenako alandire. Ganizoli tinalizolowera kuchokera nthawi ya MASAF yomwe inayamba mu 1995. Ubwino wake wopeza bwino sabwera kudzagwira khasu chifukwa cha ndowa imodzi, nde pulogalamu imadzisefa yokha, ndipo anthu ambiri amamva ulemu kulandira chimene akhetsera thukuta. Kuipa kwake agogo, odwala, mayi wa mwana wakhanda satha, komanso miyezi ya njala ndi yomweyo yopalira, munthu akamagwira ya gulu munda wake ukumera tchire.

Chosangalatsa nchakuti kafukufuku wina wodziwika padziko lonse pa nkhani ya kuika kapena kusaika malamulo pa thandizo anachitikira konkuno ku Zomba mu 2008 ndi 2009, ochita kafukufuku Sarah Baird, Craig McIntosh ndi Berk Özler. Atsikana ena ankalandira ndalama pokhapokha akamapita kusukulu, ena ankalandira popanda lamulo. A lamulo aja ndiwo anachita bwino pa kukhalabe pasukulu, koma kukwatiwa msanga ndi mimba zinatsika kwambiri ku gulu lopanda lamulo, chifukwa mtsikana amene wasiya sukulu ankalandirabe pomwe mnzake wa gulu linalo thandizo linkaduka nthawi imene akulifunitsitsa. Zinali ndalama osati chimanga, koma mbali zonse ziwiri za mkangano wathu zimapezamo pogwira.

Mafunso amene akadali poyera

Oyendetsa nkhokwe sanagwirizanebe ngati matumba ochepa ndi bwino kupatsa makomo 20 mokwanira kapena makomo 80 pang'onopang'ono. Za amfumu nazonso zili pomwepo, mukawachotsa mu komiti mwachotsa munthu amene amadziwa mudzi komanso amene angaletse anthu kubwera, mukawasiya anthu amaopa kutsutsa mndandanda pamaso pawo. Munthu amene ali kale pa Mtukula Pakhomo alandirenso kunkhokwe, poti ndi wosaukitsitsadi, kapena apatse mpata anzake monga midzi yambiri imafunira? Wodandaula akadandaule kwa ndani ngati bokosi la madandaulo kiyi wake ali ndi tcheya yemweyo, ndipo wosadziwa kulemba aponyamo chani? Mamembala a komiti amene amagwira ntchito ulere, kuthira mankhwala a anankafumbwe, kuyanika kuti chuku chisalowe, kulondera usiku, nawonso njala ili pakhomo, alandireko kapena akalandira ndi katangale? Ndipo mlendi amene wafika ku Chinamwali mwezi watha, sanasonkheko olo chigoba, ana ake atatu akulira mpanda umodzi ndi inu, nkhokwe imene anthu a m'dera anaimanga ndi thukuta lawo ili naye ngongole kapena ayi?